Wokolola Zosabzala

Madzi akaphwera, m'bandakucha,
ndimakwera thirakitala ya khonsolo
n'kutsikira kugombe la Kerlouarn.
Mchenga suoneka.
Ndi ndere zokhazokha, biriwiri,
zounjikana ngati masamba otsala pamsika,
kuyambira pathanthwe la nyali mpaka pamathiriro a mtsinje.

Pachifuwa panga pamalendewera kamakina kachikasu.
Kakangoti tswii tswii,
ndiye kuti thawa, Goulven, mafunso pambuyo.
Pamwamba ndere zimauma, kuyera ngati pepala,
koma ukaboola chikhakhacho
mumatuluka fungo la mazira osukusa,
mpweya womwe unagwetsa galu wa mayi Soizic chaka chatha
asanamalize n'komwe kuuwa.

Lolemba malole asanu ndi awiri.
Lachiwiri asanu ndi anayi.
Lachitatu nyanja yabweza zonse,
kukhala ngati sindinapondeko.

Kumtunda, komwe mtsinjewu umayambira,
kuli mng'ono wanga Tugdual:
nkhumba zikwi ziwiri, chimanga, tirigu,
ndi ngongole yomwe anasainira imvi zisanamere.
Chisanu chikatha amathira ndowe zamadzi m'minda,
kenako feteleza, timibulu toyera ngati matalala,
yemwe mtengo wake chaka chino
unamukhazika pansi pakhonde la sitolo
chipewa chili m'manja.
Ali ndi buku lomwe amalembamo kilogalamu iliyonse.
Oyendera minda anabwera, anawerenga, anamwa khofi,
sanapeze cholakwa.

Koma mvula siwerenga mabuku.
Chomwe chimanga chasiya m'mbale
chimalowa pansi mwakachetechete,
ndipo madzi saiwala khwawa.
Mtsikana wa kuyunivesite, wa timabotolo uja,
anandiuza atajowina m'matope mpaka m'mawondo
kuti zina zomwe zikufika kunyanja lero
mwina anathira ndi bambo athu
ife tikadali m'makabudula.
Ndinazimitsa injini.
Bambo anagona kumanda a kutchalitchi zaka khumi ndi zitatu zapitazo,
koma taonani, akulimabe,
ine ndikukolola.

Lamulungu timakadya kwa amayi.
Patebulo amaika madzi ogula, a m'botolo.
Chitsime chomwe bambo anakumba ndi manja
anachivundikira ndi simenti,
pamwamba pake n'kuikapo mphika wa maluwa ofiira.
Timakamba za mpira.
Timakamba za bondo la amayi, za denga lodontha.
Iye amayang'ana jombo zanga pakhomo,
zobiriwira m'mphepete ngakhale nditsuke chotani.
Ine ndimayang'ana zala zake zong'aluka
zikunyema buledi.

Kamodzi kokha, tikuvala majekete,
anayankhula osandiyang'ana:
"Ndisiye kuthira, banki idya chiyani?
M'masitolo akufuna nyama yotchipa,
ndipo iwenso umagula yomweyo."
Ndinasowa poyambira.
Mufiriji mwanga muli nyama yotchipayo,
ndipo nyumba yanga ikulipiridwa ndi ndere.
Tsiku lomwe gombe lidzayere
ine ndi amene ndidzayambe kusaka ntchito.

Amati ubale ndi fupa, suwola.
Ine amene ndimagwira zowola tsiku ndi tsiku
sinditsutsa,
koma ndaona mmene chinthu chimaumira pamwamba
pansi chikufufuma.

Dzulo kamwana ka alendo kanaima kuseri kwa chikwangwani,
kandowa kofiira m'manja, fosholo ya pulasitiki,
kakufunsa mayi ake chifukwa chake nyanja yamera udzu.
Ndinakakwezera dzanja. Sikanabweze.

Nderezo tikazikweza m'malole
zina zimapita kukaumitsidwa,
zina amakazimwaza m'minda ya kumtunda, ati ndi manyowa.
Msewu wake umadutsa pageti pa Tugdual.
Woyendetsa lole akadwala ndimapita ndine,
ndipo ndikafika pamenepo ndimachepetsa liwiro.
Amakhala ali pathanki yake, paipi ili m'manja.
Amakweza zala ziwiri.
Ine ndimaliza hutala kamodzi,
madzi obiriwira akudontha kumbuyo kwanga
mumsewu wonse wokwera phiri.

Mawa madzi aphwera isanakwane sikisi.
Pawailesi ati kugwa mvula.