Kumva ndi Chikhatho

Pikapu ya a NyaHarawa inafika ku Luwinga nkhungu isanachoke,
matope a njira ya ku Usisya ali mpaka m'zitseko,
kumbuyo kukununkhirabe nthochi zakupsa.
Akuti ikulira kutsogolo, mbali ya kumanzere,
ngati njuchi zotsekeredwa m'chigubu.
Yayamba liti? Akuti sabata yatha.
A Chavula anayang'ana tayala n'kumwetulira:
aliyense amati sabata yatha.

Abwana angawa makutu anawathera m'galaja.
Zaka makumi atatu za hamala pa chitsulo
zinawasiyira phokoso lawolawo m'mutu,
moti powaitana umachita kuwagwira paphewa.
Ndinatchinga matayala akumbuyo ndi njerwa,
ndinapopa jeke, n'kulowetsa chipika cha paini pansi.
Iwo anagwada pa katoni yonyowa,
dzanja lina pamwamba pa tayala, lina pansi.
Gwede. Gwede.
Kenako anagwira chitsulo cha kuseri, natsinzina.
Zunguza, Yotamu.
Ine ndinamva kukhuluza ndi makutu,
iwo anakumva m'chikhatho, n'kuyamba ndi iwo kunena:
beringi yamkati yatha, yakunja ikanapirirako,
koma mapasa sasiyanitsidwa malaya.

Manati asanu anamvera sipanala.
Lachisanu ndi chimodzi linafuna paipi ndi thupi langa lonse.
Pochotsa kapu tinapeza msomali wopindidwa
pomwe panayenera kukhala pini,
ntchito ya munthu wina amene ankathamangira kwawo.
Girizi wakale anali bii,
muli tizitsulo tonyezimira ngati mamba a usipa.
A NyaHarawa anasuzumira, nagwira pakamwa.
Dzulo lomweli anatsika nayo mapiri
atanyamula ana asukulu asanu ndi awiri pamwamba pa nthochi.

Ndinakwera sakaramento kupita m'tauni.
Kusitolo kunali mabokosi awiri, lotchipa ndi lodula,
onse olembedwa dzina limodzi.
Ndinawaimbira mayiwo. Anakhala chete nthawi yaitali,
ndinkangomva mvula ikugunda malata a galaja m'foni.
Tenga lodulalo, anatero,
fetereza ndiona mawa.

Mkombero wakale tinautulutsa pang'onopang'ono,
kumenya uku, kumenya uko, kuti usapendame.
Ndinatsuka habu ndi palafini mpaka zala kuchita dzanzi.
Watsopano tinaukhazika wakale ali pamwamba pake,
wotha uja akulandira hamala m'malo mwa mnzake.
Ngwe. Ngwe. Ngwe.
Mkombero ukafika pansi kulira kumasintha,
kumakhala kolemera, ngati wagogoda chitseko cha nyumba yodzaza.
A Chavula anaimitsa hamala m'mwamba nandiyang'ana.
Wakhala?
Zaka ziwiri ndili pano sanandifunsepo kanthu.
Menyaninso kamodzi, ndinakuwa.
Duu.
Ndinagwedeza mutu. Anaika hamala pansi osayesanso.

Girizi ndinamuika pachikhatho,
n'kumakanda beringi m'mphepete mwake
mpaka atatulukira pamwamba, pakati pa timiyala tonse.
Nati lalikulu anandipatsa ine.
Manga uku ukuzunguza, kenako ubweze pang'ono.
Ukamangitsa ipsa, ukalekerera igwedera.
Pang'ono bwanji? ndinafunsa.
Sanamve, kapena anamva.
Ndinabweza mpaka bowo la pini litaonekera,
pini yeniyeni, miyendo yake ndinaipinda ndekha.

Tinaiyesa mpaka ku Katoto, kuzungulira kawiri n'kubwerera,
mawindo otsekula, mvula ikutilowera m'khutu.
Njuchi zinali zitasamuka.
Titaima, abwana anagwira habu ngati chipumi cha mwana wodwala usiku.
Yozizira.
Yewo, anatero a NyaHarawa, natsitsa phava la nthochi lotsala.

Msomali uja ndinautola, uli m'thumba la ovolosi.
Madzulo ano girizi wakana kuchoka m'zikhadabo,
ndipo ndikagwira chikhatho pa tebulo la kunyumba
ndikumva njinga ya mnansi ikudutsa panja,
tayala lake lakumbuyo likufuna munthu.