Boti la Mtengo wa Njinga

Ndinaligula pa mtengo wa njinga yakapalasa,
padoko la Douarnenez, mvula ikuwaza.
Mwini wake, Loeiz, anawerenga ndalama kawiri
kenako anayang'ana kumbali
ngati munthu wogulitsa galu wokalamba.

Linakhala pamtunda zaka zisanu ndi zinayi
litatsamira miyendo yachitsulo,
mlongoti uli gone mu udzu, matanga atadyedwa ndi makoswe,
m'kati madzi amvula olekeza m'mawondo
ndi bulangeti lomera bowa.

Loweruka loyamba ndinatenga kanyundo
n'kugogoda thupi lonse, chikhatho ndi chikhatho.
Pabwino pamayankha kuti ngwe.
Powola pamangoti bu, ngati chifuwa chodzaza madzi.
Ine ndine namwino, liwu limenelo ndimalidziwa.
Ndinazunguliza choko paliponse podandaula:
malo makumi anayi ndi atatu.

Kumimba kwake kunali matuza okhaokha.
Ukaboola limodzi limakulavulira madzi onunkha viniga.
Ndinapala, ndinatsuka, ndinadikira kuti liume,
ndipo kudikirako kunadya nyengo yonse yachisanu.

Palibe anandiuza za fumbi.
Ulusi wagalasi ukaperedwa umalowa paliponse,
m'khosi mwa malaya, m'masokosi, m'mphechepeche mwa zala,
usiku n'kumadzikanda ngati wagona pa chitedze.
Mwana wanga Maiwenn ankakana kundikumbatira
mpaka nditasamba kawiri.

Utomoni nawo uli ndi mtima wake.
Ukaumira mankhwala oumitsira, umanata sabata yathunthu.
Ukachulutsa, umatentha m'kapu, kufuka utsi,
n'kuuma gwa, burashi ili momwemo.
Maburashi atatu otero ali pawindo langa,
aima chilili, maluwa a munthu wopupuluma.

Pamwamba, pomwe pankafewa ukaponda,
ndinacheka khungu n'kupeza thabwa lam'kati
litasanduka phala lakuda.
Ndinalikomba ndi supuni.
Kuseri kwake, pakhoma, panali mawu a pensulo:
"Ndamata ndekha. Annaig wandigwirira nyale. 1984."
Chigambacho chinali chokhota, chonenepa, chosaoneka bwino,
koma pokhapo m'pamene madzi sanalowe.

Ndinapita kukamuuza Loeiz.
Anafunsa ngati ndachichotsa.
Ndinati ayi.
M'mawa mwake anatulukira ndi sipanala ya mabawuti apansi,
ija ankati inatayika kalekale,
nakhala pa ndowa yovundikira, pakamwa pali tseke,
mpaka dzuwa litapendeka, pamene anati,
"Osati choncho."
Kuyambira apo sanasiyenso.

Dzimbiri tinalimbana nalo awiri,
iye ndi pakamwa, ine ndi mapewa.
Bawuti imodzi inatidyera masiku anayi
ndi chikhadabo changa chachikulu.

Mu Juni kireni inalinyamula pa malamba awiri.
Linalendewera, likutembenuka pang'onopang'ono,
penti wobiriwira akunyezimira,
ine mtima uli m'mwamba limodzi nalo.
Linakhudza madzi. Linayandama.
Ndinatsikira m'kati ndi tochi kukazonda zigamba zanga
chimodzichimodzi, ngati odwala m'wodi usiku.
Zonse zouma.
Kenako ndinamva:
tho.
tho.
Kampopi kakunsi kwa sinki,
kokhako kamene ndinakayang'ana n'kunena kuti aka kali bwino.

Loeiz anaseka mpaka kutsamwa.
Anasolola m'thumba kamtengo kosongola,
chakhala m'menemo kuyambira liti sindidziwa,
anakakhomera ndi chidendene cha nsapato
nati, "Zotsalazo Lolemba. Masula chingwe."

Thanga lapakaunjika linakwera mokwinyika,
linawomba m'manja kawiri, linakhuta mphepo.
Boti linapendekera mbali ya chigamba cha Annaig.
Nkhalamba inayika dzanja pomwepo
ngati ikungofuna pogwira.

Tinadutsa khoma la doko.
Chiwongolero chinkanjenjemera m'chikhatho changa,
mchere ukuluma pa chala chopanda chikhadabo,
mikono ikuyabwabe.