Mabotolo Awiri pa Kamuzu Rodi

Pa shelefu ya Ajusa mabotolo awiri aima
ngati akazi a pamitala.
Lina lavala golide mpaka m'khosi,
linalo ndi lotuwa, zilembo zake zinafufuma ndi dzuwa.
Ine ndili pakati, makiyi m'manja.
Panja Siyenta yanga ikupuma, ikununkha kutentha,
yangochoka ku Benga itasenza anthu asanu ndi anayi
ndi matumba awiri a mpunga kumbuyo.

"Tengani lagolideli, bwana," akutero Ajusa,
"makilomita zikwi khumi osatsegula boneti.
Injini imachita kunong'ona."
Ndafunsa mtengo. Anena.
Ndafunsanso, kuyesa makutu andinamiza.
Mtengowo ndi maulendo atatu a ku Nkhotakota,
kupita ndi kubwera, galimoto itadzaza,
tayala osaphulika, mvula osagwa.

M'mawa ndinadzera kwa Kaphwiti, kuseri kwa chigayo,
kumene nthaka inada kalekale, udzu unasamuka.
Anasolola kachitsulo koyezera, napukutira pa ovolosi,
nabwezeramo, nasololanso, nanunkhiza
ngati munthu wogula fodya.
Kaphwiti sayankha msanga
pokhapokha nkhani ikakhala ya ngongole yako.

"Yakoyi," anati, "inayenda kwawo zaka khumi,
inafika kuno ili ndi imvi kale.
Usiku uliwonse imasiya kadontho pansi,
kakuda, kozungulira ngati khobidi.
Ukufuna izidontha golide?
Oyilo wopyapyala uja, m'injini yotha mano,
ndi madzi m'dengu.

"Ija ya adokotala, yatsopano, yoyera ija,
imeneyo inde. Buku lake limalamula,
ukaimana idzakulipiritsa kawiri.
Koma yakoyi buku lake unaliona?
Ungaliwerenge?"

Anaseka yekha, nalavula, napitiriza:
"Chimapha injini kuno si kutchipa.
Ndi uja wa m'mabotolo a zakumwa pamphambano,
wokhetsedwa m'malole, wosefedwa ndi sokosi.
Ndi fumbi la ku Thavite,
limene silinapite kusukulu,
silidziwa kuwerenga zolembedwa pabotolo.
Ndi iweyo, woti mawa, mawa, malipiro akabwera,
mpaka oyilo asanduke phula."

Tsono ndili pano, ndipo sindinama,
golideyu akundikoka mtima.
Galimotoyi ndimaikonda.
Inathamanga ndi mkazi wanga usiku wa matope
Mwandida akugogoda kuti abadwe,
sinazime, ngakhale kamodzi, ngakhale pachithaphwi chija.
Munthu umafuna kuthokoza chitsulo
ndi kanthu konyezimira,
monga umagulira malemu bokosi lodula
pamene ali moyo unkawamana sopo.

Koma chitsulo sichimva zikomo.
Chimamva tsiku limene wasintha,
ndi tsiku limene wazengereza.

"Ndipatseni lotuwalo," ndatero.
Ndalitembenuza, ndayang'ana chitsekero
ngati sichinatsegulidwepo, ndaliunika padzuwa.
"Ndi fyuluta yatsopano. Osati ya m'katoni yong'ambikayo."
Ajusa apukusa mutu, akuwerenga chenji pang'onopang'ono
kuti mwina ndisintha maganizo.
Lagolide labwerera pamalo pake
kukadikira munthu wa buku.

Kaphwiti wakhetsa wakale m'beseni lobooka m'mbali,
wathira watsopano, wooneka ngati uchi wa m'chilimwe.
Pachitseko cha dalaivala, mkati,
ndamata kapepala, ndalemba ndi bolopeni ya Mwandida
nambala imene ndidzabwerenso.
Ndalemba zikuluzikulu, kuti ndisadzanamizire maso.

Chenji chatsala chikwanira nsapato za sukulu,
mwina ndi chigamba cha tayala lakumanzere.

Pasiteji oitanira ayamba kale:
Khombedza! Benga! Mmodzi yekha!
Ndaliza injini. Siikunong'ona ayi,
ikulankhula mawu ake akale omwe aja,
a nkhalamba yodya bwino.
Usiku idzasiyanso khobidi lake pansi,
ndipo m'mawa ndidzalikwirira ndi phazi,
nditsegule boneti, ndiyeze, ndiwonjezere pang'ono,
ndisanamwe tiyi.