Chala cha Amayi

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi
tsiku limene chipatala cha ku Huanta
chinandibwereka lilime.

Tinatsika phiri kusanache, amayi atagwira pamimba,
ine nditafunyata tchizi ziwiri m'kansalu
zokapatsa aliyense amene angatimwetulire.
Tchizizo zinabwerera kumudzi.

Dokotala Arbulú ankayankhula Chisipanishi
chothamanga ngati madzi a m'ngalande.
Amayi ankangodziwa Chikechuwa.
Pakati pawo panali ine,
wamamina, wa nsapato za matayala,
woyamba m'kalasi mwathu.

"Uwauze," anatero, maso ali pa wotchi.
Liwulo linali lalitali, lamiyendo yambiri ngati bongololo,
ndipo m'buku la kusukulu munalibe.
Mwana wanzeru safunsa kawiri,
choncho ndinatembenuka n'kuti:
"Akuti akutsukani m'mimba, muchira."

Amayi anapereka chala chachikulu.
Namwino anachiviika mu inki
n'kuchikanikiza pansi pa pepala,
monga amachitira podinda nkhosa yogulidwa.
Inkiyo inatha sabata isanasuluke.

Kuchira anachira.
Koma zaka zinayi anakhala akuluka tizipewa ta makanda,
tofiira, tobiriwira, tophimba makutu,
kudikira mlongo wanga amene anamutcha kale Hilario.
Bambo ankawerenga miyezi,
kenako anayamba kuwerenga mabotolo.
Tizipewa tinadzaza dengu.
Njenjete zinadya.

Liwu lija ndinakumananso nalo ndili mtsikana wamkulu,
m'dikishonale yonunkha nkhungu ku Ayacucho.
Linangogona phee pakati pa anzake
ngati silinapalamulepo:
kuchotsa chiberekero.
Ndinatseka bukulo, ndinakasanza kuseri kwa mpanda.

Loya wina, mayi Zenobia Ccorahua,
wa magalasi omangirira ndi ulusi,
anandiuza patapita zaka kuti:
"Chala chodindidwa mumdima si chilolezo.
Lamulo limafuna kuti munthu amve, kenako avomere,
ndipo mwana si mlatho
woti akuluakulu aziwolotserapo katundu wawo.
Mlanduwu si wako."
Mutu unamva, unavomera.
Chifuwa mpaka lero chikuchitabe apilo.

Panopa ndimagwira ntchito pakhonde lomwe lija.
Pachifuwa pali baji yoti womasulira,
malipiro amachedwa,
mpando wanga unathyoka mwendo chaka chatha.
Dzulo kunabwera bambo wotsokomola magazi,
kamnyamata kake katangoti njo pambali
ngati msilikali, kokonzeka kumasulira.
Ndinakaika lalanje m'manja.
"Pita panja ukasende.
Uwerengenso agalu ali pamsewu,
udzandiuze kuti alipo angati."
Kanandiyang'ana ndi diso lofiira,
poti ndakalanda udindo.
Kakwiye, bola kagone tulo kakadzakula.

Ndinakhala pansi ndi bambowo.
Liwu lililonse ndinaliswa ngati mtedza
n'kumuonetsa zam'kati,
mpaka anafunsa funso, kenako lina,
kenako anapukusa mutu:
"Ayi kaye. Ndikafunse mkazi wanga."
Dokotala anapumira m'mwamba.
Ine ayi ameneyo ndinamumasulira yense,
osabenthulako ngakhale pang'ono.

Agalu analipo asanu ndi mmodzi,
wina wa miyendo itatu.

Amayi akalamba, maso achita ng'ala.
Sindinawauzepo.
Koma Lamlungu lapitali, ndikuwawenga zikhadabo,
anandisisita padzanja ndi chala chomwe chija
n'kuti, "Unali kamwana iwe, Nélida.
Tsiku lija unavala juzi mozondotsa,
ndinalibe mphamvu zokukonzera."

Ndinadikira kuti apitirize.
Anangofunsa ngati kumunsiko mvula yayamba,
n'kunditambasulira dzanja linalo.