Wosema Chiperoni

Malume anga a Mwakhiwa ankasema zidindo
pakhonde la sitolo ya nsalu ku Limbe:
ZALIPIDWA, ZALANDIRIDWA, dzina la mpingo, dzina la sukulu,
zilembo zonse zoyang'ana kumbuyo.
Ankati munthu wozolowera kulemba motembenuza
sadabwa nalo dziko.

Tsiku lina makaniko wa ku Chirimba
anawabweretsera kapepala kokhuthala
kamene anakatola pansi pa mpando
wa galimoto yongofika kumene kuchokera ku Japan.
Panali phiri, kanjira kamatope,
munthu mmodzi atawerama ndi katundu pamsana,
ndi nkhungu yosapakidwa utoto:
pepala lokhalokha, loyera, likugwira ganyu ya nkhungu.
Pakona, kachidindo kofiira ngati chikhadabo cha mwana.

"Uyu ndi mnzanga," anatero malume.
"Dzina lake sindingaliwerenge,
koma mpeni wake ndaumva pomwe unatsetsereka."

Anagula chitseko chakale cha m'bawa
kwa anthu ogwetsa nyumba ku Mandala,
nachidula panayi.
Thabwa loyamba la thambo,
lachiwiri la phiri la Ndirande,
lachitatu la malata adzimbiri otsika mpaka ku Nasolo,
lachinayi la mizere yakuda yogwirizira zonse
kuti zisamwazike.
Sipoko ya njinga anainola kukhala chosemera.
Ine ntchito yanga inali supuni:
kutikita kumsana kwa pepala lonyowa
mpaka phiri litatulukira mbali inayo.

Ndinawafunsa: bwanji mukusema mitengo
pamene phirilo ndi lametedwa mpala?
Anapemerera tizipalapala pathabwa, osayankha.
Patapita sabata ndi pamene anati,
"Mtengo uwu unafa kuti ukhale chitseko.
Ulekeni ubereke anzake."

Mvula inawavuta zaka ziwiri.
Mzere ukanenepa, ndi nsungwi;
ukawonda, umathyoka pa pepala lachisanu.
Chiperoni ndiye anali wosavuta, ankatero,
chifukwa chiperoni susema,
umangochotsa zonse zimene iye wabisa.
Mu Juni ankakhala pa mlatho wa Mudi atavala jekete ziwiri,
kuwerenga nyumba zimene zasowa.

Ogula anali ochepa.
Mzungu wina anafunsa ngati alipo a njovu.
Mayi wogulitsa mandasi anayang'anitsitsa nthawi yaitali,
naloza ndi chala chamafuta:
"Apa ndi pa bafa pathu."
Anamupatsa ulere.
Dontho la mafutalo lidakalipo pa pepala limene anasiya.

Chaka chimene madzi anatsika ndi miyala usiku,
chipinda chawo chinadzaza matope mpaka m'chiuno.
Mapepala onse anasanduka phala.
Matabwa tinawapeza kumunsi, atatsamira mpanda wa eni,
atatu okha.
La thambo silinapezeke.
Malume anawatsuka ndi mswachi, mzere ndi mzere,
nati, "Thambo tibwereka kwa pepala."

Kenaka maso anayamba kuchita nkhungu.
Ankasema ndi chala patsogolo, mpeni pambuyo,
ngati munthu woyenda m'chimanga usiku.
Thabwa lomaliza ndi la msewu wa ku Chileka,
mzere wa amakala akukankha njinga m'bandakucha.
Wachisanu ndi chiwiri alibe mutu.
Mpeni unaima pamenepo.

Lero ndimadinda ndine, Loweruka, pakhonde lomwe lija.
Utoto ndimapaka wochepa, monga anandiphunzitsira,
pepala ndimaligoneka pa timizere tiwiri ta pakona
kuti phiri lisatsetsereke kuchoka pa malata.
Wamakala uja sindinamumalize.
Ena amati ndi cholakwika, andichotsere mtengo;
ena amati walowa mu nkhungu.

Kapepala ka ku Japan kali m'chikwama changa,
kofewa tsopano ngati ndalama yakale.
Anthu awiri amene sanaonanepo,
wina kutsidya kwa nyanja zamchere, wina pa Limbe,
anagwirizana chinthu chimodzi:
chimene wachotsa ndicho chimawala.
Ndikatikita ndi supuni, dzanja limatentha,
ndipo pansi pa pepala ndimamva mitengo
ikukwera phiri, umodzi umodzi.