Zilembo Zitatu

Msilikali wa pabwalo la ndege anatembenuza pasipoti yanga kawiri
nkundiyang'ana ngati ndabisa moto m'thumba.
Jihad? Ndinavomera ndi mutu.
Ndimaphika buledi ku Irbid,
taonani zipsera za uvuni m'mikonomu.

Akanakhala ndi nthawi ndikanamuuza za mayi anga, a Rasmiya,
amene anabuula usiku uwiri m'nyengo yachisanu,
mzamba atatopa, nyali itatha mafuta.
Bambo ankafuna dzina la malemu mkulu wawo.
Mayi anati iyayi, ndamuvutikira ndine, dzina nditcha ndine.

Ndikanamuuza za aphunzitsi athu a Munthir, choko mbuu m'ndevu,
akulemba pabolodi kuyambira kumanja:
jim, ha, dal.
Muzu ndi uwu, ankatero, zinazo ndi nthambi.
Akale a m'chipululu ankatchula nawo nthaka youma gwaa
imene khasu limangonjanjapo,
ngamila yosenzetsedwa kupyola msana wake,
mkaka wopukusidwa mpaka mafuta onse atatuluka.
Juhud ndi dontho lomaliza la thukuta lako.
Woweruza akalimbana ndi mlandu umene mabuku sanaunene,
imeneyo ndi ijtihad.
Ine ndikakhoza masamu ankalemba m'munsi mwa tsamba, mujtahid,
mwana wakhama.

Nkhondo ilimonso, sindikana.
Ili m'mabuku a malamulo, yotchingidwa ndi mipanda yake,
ili m'kamwa mwa ena amene anagumula mipandayo.
Msuweni wanga Ayham anamva mawuwa ndi khutu limodzi,
anawoloka malire a kumpoto ife tili m'tulo.
Chinabwerako ndi foni yosweka galasi.
Azakhali amaitchajabe.

Yanga ine imayamba woitanira mapemphero asanakhosomole.
Bulangeti limandigwira mwendo, ndimalikankha.
Sikelo imandinong'oneza, tapulako mtandawo pang'ono, aone ndani?
Abu Taysir ali ndi ngongole ya miyezi inayi,
lilime limandiyabwa, ndimaliluma
nkumukulungira mikate isanu yotentha.
Masiku ena ndimagwa nayo.
Lachitatu lapitali ndinazazira mnyamata wantchito
chifukwa cha chitowe chodzaza dzanja limodzi,
ndipo mpaka lero kupepesa kwandikakamira pakhosi.

Msilikali uja anamenya chidindo osandiyang'ananso.
Kumbuyo kwanga mzere unali utatalika.
Ndinatola pasipoti yanga,
ufa wa m'zikhadabo nkutsalira pang'ono pa tebulo lake.