Masiku Atatu pa Chaka

Pikapu ya Merle inafa Lachiwiri
pa msewu wa ku Swift Current, kusanache.
Inatsokomola kawiri, n'kusanza mafuta akuda pa chipale chofewa,
n'kukhala chete.
Mwini wake anagona chaka chathunthu m'chipatala;
iyo sinavutitse munthu.

Masilinda asanu ndi atatu!
Ikalira m'mawa, agalu a kwa a Wiebe ankayankha.
Inkamwa petulo ngati mlendo wa pa ukwati
wosadziwa mkwati kapena mkwatibwi,
Merle n'kumaisisita pa boneti:
isiye imwe, ikugwira ntchito.

Lero ndine ndaima pa bwalo la ogulitsa,
manja m'matumba, mphepo ikuluma makutu.
Kamnyamata kotchedwa Tobin
kakundionetsa mano ndi mitengo.
Mayi, mumakoka chiyani?

Ndimakoka kavalo mmodzi, Juniper,
wokalamba, wa msana wolowa m'kati.
Ndimapita naye kubusa kwa mchemwali wanga msipu ukaphuka,
ndimakamutenga chisanu chikamanunkha,
ndipo kamodzi kwa dokotala wa ziweto
kukapala mano.
Katatu basi.

Mlongo wanga Orrin waimba kale foni kanayi.
Dizilo, Verna, dizilo!
Imakoka nyumba ndi maziko omwe, sidziwa chitunda,
idzakuika m'manda iyo ikuyendabe.
Orrin amakoka ng'ombe sabata ndi sabata.
Sanaimepo pa chipatala sikisi koloko m'mawa mu Januwale
kufunafuna chingwe cha magetsi chofunditsira injini,
zala zitauma ngati zikhomo,
odwala akudikira namwino.

Usiku ndinakhala pa tebulo ndi pensulo yake
ija yolumidwa kumutu.
Makilomita makumi asanu ndi limodzi kupita,
omwewo kubwera,
ine, kapu ya khofi, ndi nsapato zosinthira.
Ndinachulukitsa, ndinagawa, ndinafufuta mpaka pepala kubooka.
Dizilo imamwa pang'ono, zoona,
koma mtengo wake pogula
ndidzaubweza tsitsi lonse litayera,
ndipo ikadwala, makaniko amayamba wamwetulira.

Masiku atatu akufuna njovu.
Masiku mazana awiri ndi makumi anayi akufuna bulu.
Ndidyetse njovu chaka chonse
kuti idzadzuke katatu?

Koma sindinagone.
Si masamu amene ankandivuta.
Ndinkafuna kumvanso kulira kuja pakhomo,
kugunda kwa pansipansi konjenjemeretsa makapu m'kabati,
koti ndikamva ndinkadziwa kuti wafika,
nditenthetse chakudya.
Tobin ali nayo ina yotero, yofiira, yatsopano.
Anailiza. Mtima unadumpha.
Ndinayang'ana pa mpando wa dalaivala,
munali Tobin.

Ndatenga ya masilinda asanu ndi limodzi,
yokhala ndi kachipangizo kouzira mpweya
kamene kamaimba kakhweru ukaponda kwambiri.
Ndawerenga ndekha kachikwangwani ka pa chitseko,
ndaphatikiza kulemera kwa ngolo, kavalo, chishalo,
mabelo awiri a udzu ndi ndowa ya madzi,
malo atsalabe.
Orrin wati ndagula makina osokera.

Mwezi wa Meyi tinakwera mapiri a Cypress,
ine kutsogolo, Juniper kumbuyo.
Pa chitunda chachitali chija injini inabuula,
giya inatsika, singano ya mafuta n'kuweramira pansi
ngati mwana wogwidwa akuba shuga.
Malole awiri anatipitirira.
Ndinawasiya apite.
Pagalasi ndinkaona mphuno ya kavalo pa zenera la ngolo
ikununkhiza udzu watsopano,
osafunsa kuti masilinda ndi angati.

Lolemba ndinabwerera ku ntchito.
Ndinadutsa pothirira mafuta pa mphambano osaima,
Lachitatu chimodzimodzi.
Mtsikana wa pa kauntala, amene ankadziwa Merle ndi dzina,
anandiona Lachisanu n'kunena:
timayesa mwasamuka.

Pakhomo ndimafika mwakachetechete tsopano.
Agalu a kwa a Wiebe sadzuka.
Ndimazimitsa injini, n'kukhala kaye pang'ono mumdima,
chitsulo chikuthetheka pozizira,
kenako ndimalowa
kukatenthetsa chakudya.